John Bunyan: Wokonza Mapoto Amene Anakonzekera Ndende Asanailowe

Ambiri mwa ife tinakumanapo ndi buku la Ulendo wa Mkhristu tikali pasukulu, ena m'Chichewa, ena m'Chingerezi, ndipo tikukumbukirabe munthu uja wosenza katundu wolemera kumsana, akuthawa mumzinda woti uwonongedwa. Koma ndi owerengeka amene anamva za mlembi wake. M'kope lino tiona moyo wa John Bunyan, munthu amene anakhala m'ndende zaka 12, chonsecho akanatha kutuluka akanangolonjeza kuti wasiya kulalikira. Nanga mphamvu yopirira chotere anaitenga kuti?

Bunyan anabadwa m'chaka cha 1628 ku Elstow, mudzi wa pafupi ndi tauni ya Bedford ku England. Bambo ake, a Thomas Bunyan, ankayenda m'midzi kukonza mapoto ndi maketulo obooka, ndipo mwanayo anaphunzira ntchito yomweyo. Sukulu sanapite nayo patali. Anangodziwa kuwerenga ndi kulemba. M'chaka cha 1644 amayi ake ndi mlongo wake Margaret anamwalira motsatizana. Chaka chomwecho, ali ndi zaka 16, analowa usilikali ku mbali ya Nyumba ya Malamulo pa nkhondo yapachiweniweni yolimbana ndi mfumu. Tsiku lina msilikali mnzake anapempha kuti apite ku nkhondo m'malo mwake, ndipo kumeneko anawomberedwa m'mutu akulondera. Nkhani imeneyi Bunyan sanaiiwale moyo wake wonse.

Atatuluka usilikali anakwatira mtsikana wosauka ngati iye yemwe. Banjalo linayamba lopanda ngakhale mbale, koma mkaziyo anadza ndi mabuku awiri achikhristu amene bambo ake anamsiyira, ndipo ankawawerenga pamodzi. Mwana wawo woyamba, Mary, anabadwa m'chaka cha 1650 ali wakhungu.

Tsiku lina akugwira ntchito yake ku Bedford, anapeza amayi atatu kapena anayi osauka atakhala pakhomo akuothera dzuwa, akukambirana za kubadwa mwatsopano ndi za mayesero amene Mulungu anawapulumutsamo. Bunyan, amene ankadziyesa katswiri pa nkhani za chipembedzo, anazindikira kuti zimene amayiwo ankanena iye sankazidziwa. Panatsatira zaka zingapo za nkhondo ya mumtima. Ankaopa kuti sali mwa osankhidwa, nthawi zina n'kumaganiza kuti wachita tchimo losakhululukidwa. Amene anamuthandiza anali abusa a amayi aja, a John Gifford, komanso buku lakale long'ambika la Martin Luther lofotokoza kalata ya Paulo kwa Agalatiya. M'chaka cha 1653 analowa mpingo wa a Gifford, umene sunali pansi pa mpingo wa boma, ndipo patapita zaka zochepa anayamba kulalikira. Mkazi wake anamwalira m'chaka cha 1658, kumsiyira ana anayi, ndipo chaka chotsatira anakwatira Elizabeth.

M'chaka cha 1660 Mfumu Charles II inabwerera pampando, ndipo akuluakulu a boma anayambanso kugwiritsa ntchito lamulo lakale la 1593 loletsa mapemphero a kunja kwa mpingo wa boma. Bunyan anaoneratu kumene zinthu zinkalowera. M'buku la mbiri ya moyo wake iye akufotokoza kuti asanamangidwe ankalingalira zinthu ziwiri: mmene akapiririre ndende ikadzatalika, ndi mmene akakumanire ndi imfa mlandu ukadzafika pamenepo. Kwa chaka chathunthu, pafupifupi nthawi iliyonse akagwada kupemphera, ankakumbukira Akolose 1:11, ndipo ankapempha mphamvu yopirira ndi kuleza mtima mokondwera. Pa 2 Akorinto 1:9 anaphunzirapo kuti ayenera kupereka kwa Mulungu, nthawi ikadalipo, zonse zimene adani akanatha kumulanda: mkazi, ana, thanzi ndi ufulu. Anaona kuti munthu amene wakonzekera ndende yokha adzadzidzimuka ndi chikwapu, ndipo amene wakonzekera chikwapu chokha adzadzidzimuka akamadzathamangitsidwa m'dziko. Choncho anakonzekera chachikulu pa zonse, chimene ndi imfa. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Pa 12 Novembala 1660 anapita kukalalikira pa famu ina ku Lower Samsell. Atafika anauzidwa kuti woweruza Francis Wingate watulutsa kalata yomumangira, ndipo mwini nyumba anamulangiza kuti athawe. Bunyan anatuluka kukayenda yekha m'munda. Anaganizira za Akhristu atsopano amene iye mwini ankawalimbikitsa kuti asaope, ndipo anaona kuti akathawa, iwonso adzagwa mphwayi. Anabwerera m'nyumba n'kutsegula mapemphero, ndipo pasanapite nthawi anthu odzamugwira analowa.

Mlandu unazengedwa mu Januwale 1661 pamaso pa woweruza John Kelynge. Chigamulo chinali miyezi itatu m'ndende, ndipo akapanda kugonja, kuthamangitsidwa m'dziko. Akabwerera popanda chilolezo, kunyongedwa. Bunyan anawauza poyera kuti akangomutulutsa adzalalikiranso. Miyezi itatu ija inasanduka zaka 12.

Kunyumba zinthu zinali zomvetsa chisoni. Elizabeth anali woyembekezera, ndipo atamva za kumangidwa kwa mwamuna wake anachira nthawi isanakwane, mwanayo n'kumwalira. Anatsala ndi ana anayi amene sanabereke yekha. Komabe mayi wachitsikanayu anayenda ulendo wa ku London kukadandaula, ndipo mu Ogasiti 1661 anaima pamaso pa oweruza ku Bedford, mmodzi mwa iwo Sir Matthew Hale, kuchonderera mwamuna wake. Hale anamumvera chisoni, koma sanamutulutse.

Tisaganize kuti kukonzekera kunamuchotsera ululu. Bunyan sanabise kuti ankavutika kwambiri akaganizira Mary, mwana wake wakhungu, kuti mwina adzamenyedwa, adzapemphapempha ndi kugona ndi njala. Chimene chinkamutonthoza chinali lonjezo la pa Yeremiya 49:11 lonena za ana amasiye ndi akazi amasiye. Nthawi inanso mantha a chingwe anamugwira kwa masabata angapo. Ankaopa kuti pokwera makwerero mawondo adzanjenjemera, adani n'kupeza ponyozera njira ya Mulungu, ndipo masiku amenewo mtendere wa mumtima unali utamuchokera. Pomaliza anatsimikiza mtima kuti udindo wake ndi kuima pa mawu a Mulungu, kaya chitonthozo chibwere kaya chisabwere. Atangotsimikiza chotero, mtendere unabwerera.

M'ndendemo sanakhale manja lende. Ankapanga zingwe za nsapato zambirimbiri kuti banja lake lipeze chakudya. Anali ndi mabuku awiri, Baibulo ndi buku la John Foxe la mbiri ya ofera chikhulupiriro. Ankalalikira kwa akaidi anzake, ambiri mwa iwo omangidwa pa mlandu womwewo, ndipo nthawi zina woyang'anira ndende wachifundo ankamulola kutuluka pang'ono. Ankalembanso, ndipo m'chaka cha 1666 anatulutsa mbiri ya moyo wake yotchedwa Grace Abounding to the Chief of Sinners.

M'chaka cha 1672 mfumu inafewetsa malamulo a chipembedzo. Mpingo wa ku Bedford unali utamusankha kale kukhala mbusa wawo asanamasulidwe, ndipo atatuluka ankasonkhana m'nyumba yosungiramo zokolola imene anagula. Patapita zaka zochepa anamangidwanso kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. M'chaka cha 1678 buku limene analiyamba m'ndende, The Pilgrim's Progress, linasindikizidwa ku London, ndipo gawo lachiwiri linatuluka m'chaka cha 1684. Bukuli lamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 200, kuphatikizapo chathu. Wowerenga mosamala adzaona kuti thope la kutaya mtima, bwalo la milandu lokondera ndi ndende ya chimphona zimene Mkhristu akumana nazo m'bukumo, mlembi anali atadutsamo yekha. Adzaonanso kuti Mkhristu avekedwa zida za nkhondo pa nyumba yopumulira asanatsikire m'chigwa mmene mdani akumudikira.

Mu Ogasiti 1688 Bunyan anakwera kavalo kupita ku Reading kukayanjanitsa bambo wina ndi mwana wake amene anayambana. Pochoka kumeneko kupita ku London ananyowa ndi chimvula, nayamba kutentha thupi. Anamwalira pa 31 Ogasiti 1688 m'nyumba ya bwenzi lake John Strudwick, ali ndi zaka 59, ndipo anaikidwa m'manda a Bunhill Fields. Lamulo lopereka ufulu wopembedza kwa mipingo ngati wake linakhazikitsidwa chaka chotsatira, 1689, iye atapita kale.

Anzathu, tonse tikukumbukira kuti amene ankayamba kuwerenga usiku woti mawa ndi mayeso sankapita patali. Mayeso amene takumana nawo chichokere pasukulu, monga kutha kwa ntchito, matenda, maliro, kapena kuuzidwa kuti tisaine chikalata chimene tikudziwa kuti n'chabodza, sabwera ndi ndandanda ya masiku. Bunyan anali munthu wamantha ngati ife, koma ndende inamupeza atapemphera kale chaka chathunthu. Amene zinthu zikutiyendera bwino lero, nthawi yogwada ndi yomwe ino.