Alexander Fleming, mkulu yemwe adapeza mankhwala m'chuku

Mwana akagwidwa chibayo kapena khutu likayamba kutuluka mafinya, kawirikawiri mayi amachoka kuchipatala atafumbata kabotolo ka amoxicillin. Makolo ambiri amakadziwa kabotoloka, koma ndi ochepa omwe amadziwa kuti mbiri yake idayambira pa kambale kochita chuku mumzinda wa London m'chaka cha 1928. Mwini kambaleko adali Alexander Fleming, bambo wamfupi ndiponso wosayankhulayankhula, yemwe adatulukira penisilini, kholo la mankhwala a m'kabotolo kaja.

Fleming adabadwa pa 6 Ogasiti 1881 pafamu ya Lochfield, pafupi ndi tauni ya Darvel m'dziko la Scotland. Adali wachisanu ndi chiwiri mwa ana asanu ndi atatu, ndipo bambo ake adamwalira iye ali ndi zaka 7. Popita kusukulu ku Darvel ankayenda wapansi mtunda wa makilomita 6, pobwereranso chimodzimodzi. M'chaka cha 1895 adasamukira ku London kukakhala ndi mchimwene wake Tom, yemwe adali dokotala, ndipo adagwirako ntchito ya ukalaliki kwa zaka zinayi pakampani ya sitima zapamadzi. Ntchitoyi sinkamusangalatsa. Mwayi udamugwera mbale wa makolo ake atamwalira n'kumusiyira ndalama zomwe zidamuthandiza kulowa sukulu ya udokotala pachipatala cha St Mary's m'chaka cha 1901. Pachipatalapa ndi pomwe adakalambira.

Pankhondo yoyamba ya dziko lonse, Fleming adatumizidwa ku Boulogne m'dziko la France komwe ankaona asilikali akufa ndi mabala oola. Mkuluyu adapeza kuti mankhwala omwe madokotala ankatsukira mabala akuya ankapha asilikali a m'magazi oteteza thupi, pomwe tizilombo tobisala mkati mwa bala tinkapulumuka. Madokotala ambiri sadamumvere. Koma iye kuyambira pamenepo mtima wake udali pofuna mankhwala opha tizilombo popanda kuvulaza wodwala.

Ntchito yake idali yoweta tizilombo ta bakiteriya m'timbale tagalasi, ndipo pankhani yosamala tebulo lake, mkuluyu adali wotayirira. Mu Seputembala 1928, atabwera kutchuthi, adapeza kambale kena komwe adasiya ndi tizilombo toyambitsa zithupsa katachita chuku. Wina aliyense akadangokatsuka. Fleming adakayang'anitsitsa n'kuona kuti mozungulira chukucho tizilombo tidali titafa, pomwe totalikira tidali tabwinobwino. Adaweta chukucho pachokha, ndipo madzi ake adawatcha penisilini. Zomwe adapezazi adazilemba m'chaka cha 1929, koma palibe adatekeseka nazo. Naye adalephera kusefa mankhwalawo kuti akhale okwanira kupereka kwa wodwala, kotero kuti ntchitoyo idagona pafupifupi zaka khumi.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, pomupatsa Fleming ulemu wonse. Omwe adasandutsa madzi a chuku kukhala mankhwala enieni adali akatswiri a payunivesite ya Oxford: Howard Florey wochokera ku Australia, Ernst Chain yemwe adathawa ulamuliro wa Hitler ku Germany, ndi Norman Heatley. Mu Meyi 1940 adabaya mbewa zisanu ndi zitatu tizilombo toopsa, zinayi n'kuzipatsa penisilini. Pofika m'mawa, zinayi zosalandira mankhwala zidali zitafa, zinazo zili moyo.

Kupanga mankhwalawo kudali kovuta. Nkhondo yachiwiri idali mkati, zipangizo kudalibe, mwakuti chuku ankachiweta ngakhale m'mapoto okodzeramo odwala. Mu Febuluwale 1941 adayesa penisilini pa wapolisi wina, Albert Alexander, yemwe nkhope yake idali itadzaza mafinya. Tsiku limodzi lokha bamboyo adayamba kupeza bwino. Mankhwala atayamba kuchepa, madokotala ankasefa mkodzo wake kuti atengemo penisilini wotuluka n'kumubayanso. Patatha masiku asanu, zonse zidatha. Tizilombo tidali tisanafe tonse, matenda adabwerera, ndipo mu Marichi wapolisiyo adamwalira.

Zinthu zidasintha ntchitoyi itafika ku America, komwe m'chaka cha 1943 chuku chobereka mankhwala ambiri chidapezeka pa vwende loola la mumsika wa ku Peoria. Pofika 1944 mafakitale adali akupanga penisilini wokwanira asilikali ovulala. Chaka chomwecho Fleming adapatsidwa ulemu wa Sir, ndipo mu 1945 adagawana mphoto ya Nobel ndi Florey komanso Chain. Nkhani yomwe imamveka yoti penisilini adapulumutsa Winston Churchill atadwala chibayo mu 1943 ndi yabodza, adachira ndi mankhwala a mtundu wina.

Polankhula ku Stockholm mu Disembala 1945, pomwe anthu ankayembekezera chisangalalo chokhachokha, Fleming adachenjeza. Adati m'labotale yake n'kosavuta kuphunzitsa tizilombo kusamva penisilini: kungotipatsa mlingo wochepa woti sungatiphe. Nkhawa yake idali yoti tsiku lina mankhwalawa adzagulitsidwa m'sitolo kwa aliyense. Adapereka chitsanzo cha bambo wodwala zilonda za kukhosi yemwe amagula penisilini n'kumwa wopereweza. Tizilombo tosafato timalimba, bamboyo n'kupatsira mkazi wake. Mayiyo akadwala chibayo, penisilini sagwiranso ntchito, ndipo amamwalira. Kwa Fleming, mlandu wa imfayo udali pa mwamunayo.

Nthawi imeneyo penisilini adali wa jakisoni, wobaya maola atatu alionse, chifukwa asidi wa m'mimba ankamuwononga. Wakumwa wodalirika adapezeka ku Austria kumayambiriro a zaka za m'ma 1950. Kenako akatswiri a kampani ya Beecham ku England adapanga ampicillin mu 1961 ndi amoxicillin mu 1972. Chifukwa mwana wamng'ono sangameze kapisozi, mankhwalawa amaikidwanso m'botolo ngati ufa wotsekemera. Amakhala ufa dala, pakuti akakhudzana ndi madzi mphamvu yake imayamba kutha, vuto lomwe lija lidamugonjetsa Fleming mu 1929.

N'chifukwa chake kabotolo kaja kali ndi malamulo ake, ndipo pafupifupi onse amabwerera ku mlingo wopereweza womwe mkuluyu ankauopa. Madzi othiramo amakhala owiritsa n'kuziziritsa, ndipo amalekezera pamzere wolembedwa pabotolo. Wothira madzi ambiri kuti mankhwala achuluke amangowasukulutsa. Botolo limakhutchumulidwa nthawi iliyonse mwana asanamwe, apo ayi mphamvu imatsalira pansi. Mlingo amauwerengera achipatala potengera msinkhu ndi kulemera kwa mwana, ndipo umayezedwa ndi kasupuni kapena kachikho kobwera ndi botolo, osati supuni yapakhomo, chifukwa masupuni a tiyi amasiyana kukula. Akasungunulidwa amafuna pamalo pozizira, ndipo akadutsa masiku olembedwa papepala lake, omwe nthawi zambiri ndi sabata imodzi kapena ziwiri, otsala amatayidwa.

Chiyeso chachikulu chimabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu, thupi likazizira, mwana n'kuyamba kusewera. Mayi yemwe adayenda ulendo wautali kukapeza botololo amaganiza zosunga theka kuti lidzathandize mng'ono wake akadzadwala, ndipo maganizo amenewa ndi omveka pakhomo poti ndalama ndi yosowa. Koma wapolisi wa ku Oxford uja nayenso adali atayamba kudya ndi kukhala tsonga pomwe mankhwala ake ankatha. Masiku omwe dokotala wanena amayenera kukwana. Komanso chimfine wamba chimayamba ndi mavairasi, omwe samva maantibayotiki, kotero kumwetsa mwana amoxicillin pa mamina n'kungophunzitsa tizilombo ta m'thupi mwake. Pali ana enanso omwe thupi lawo limadana ndi penisilini: akatuluka zidzolo, kutupa nkhope kapena kubanika, mankhwala amaimitsidwa n'kuthamangira kuchipatala.

Zomwe Fleming ankaopa zidachitikadi. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 adapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni adamwalira kaamba ka bakiteriya osamva mankhwala, ndipo mayiko a mu Africa muno kumwera kwa Sahara ndiwo adakhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu awo.

Mwini wake sadazione zimenezi, ngakhale kabotolo ka amoxicillin sadakaone. Mkazi wake woyamba, Sarah, namwino wochokera ku Ireland yemwe adabereka naye mwana mmodzi, Robert, adamwalira mu 1949. Mu 1953 adakwatira Amalia, dokotala wa ku Greece yemwe ankagwira naye ntchito. M'mawa wa pa 11 Marichi 1955, Fleming adadzimva mseru kunyumba kwake ku London. Mkazi wake adaimbira dokotala, koma mkuluyu adati palibe chifukwa chofulumirira. Patangopita nthawi yochepa adamwalira ndi nthenda ya mtima ali ndi zaka 73, ndipo adaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha St Paul's mumzindawo.