Mayi Susan Anthony ndi Mlandu wa Voti

Pa tsiku la chisankho anthu amalawirira kukaima pamzere. Aliyense amalandira kapepala, nalowa pamalo pobisika, nasankha munthu amene akufuna kuti amutsogolere. Voti ya wolemera ndi ya wosauka zimawerengedwa mofanana, chimodzimodzinso ya mwamuna ndi ya mkazi. Koma kale sizidali tero. Ku America kudali mayi wina amene adamangidwa chifukwa choponya voti. Dzina lawo lidali Susan Anthony.

Susan adabadwa pa 15 Febuluwale 1820 m'tauni ya Adams, m'chigawo cha Massachusetts. Bambo wake adali ndi fakitale yaing'ono ya nsalu za thonje. Bamboyo adali wa mpingo wa Quaker, umene udali kuphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa Mulungu. Mumpingo umenewo amayi ankaloledwa kuimirira ndi kuyankhula, ndipo Susan adakula akuganiza kuti kulikonse zimakhala choncho.

Ntchito ya bambo wake itagwa, Susan adayamba uphunzitsi kuti athandize pakhomo. Kumeneko ndiko adatsekuka maso. Mphunzitsi wamwamuna ankalandira malipiro oposa ake kangapo, chikhalirecho ntchito idali imodzimodzi.

M'chaka cha 1851 Mayi Anthony adakumana ndi Mayi Elizabeth Cady Stanton, ndipo ubwenzi wawo udakhala zaka zoposa makumi asanu. Mayi Stanton adali ndi ana ambiri, motero kawirikawiri ankatsala pakhomo nkumalemba mfundo, pamene anzawowo ankayenda m'midzi ndi m'mizinda kuchititsa misonkhano, ngakhale m'nyengo ya chisanu choopsa.

Poyamba amayi awiriwa adalimbana ndi uchidakwa, umene udali kusaukitsa mabanja ambiri. Adasonkhanitsa maina a anthu zikwizikwi pa chikalata chopempha aphungu a chigawo cha New York kuti akhazikitse lamulo lochepetsa malonda a mowa. Aphungu aja sadachilabadire chikalatacho, poti maina ambiri adali a amayi ndi ana. Apa Mayi Anthony adazindikira chinthu chachikulu. Phungu amamvera munthu amene angathe kumuchotsa pampando. Amayi ankakhoma msonkho, ankamvera malamulo, ankalangidwa akalakwa, koma popeza adalibe voti, madandaulo awo adali ngati kulira kwa mbalame pamtengo. Ndani akadawaopa?

Nkhondo yapachiweniweni itatha ndi ukapolo utathetsedwa, m'chaka cha 1868 adawonjezera mawu m'malamulo aakulu a dzikolo onena kuti aliyense wobadwira m'dzikomo ndi nzika. Mayi Anthony adalingalira motere: ngati mkazi ndi munthu, ndiye kuti ndi nzika, ndipo ngati ndi nzika, ayenera kusankha nawo atsogoleri.

Pa 1 Novembala 1872 iwo pamodzi ndi abale awo aakazi atatu adalowa m'nyumba yometeramo tsitsi mumzinda wa Rochester, m'mene ankalembetseramo oponya voti. Anyamata atatu olemba maina adadabwa, nayamba kukana. Mayi Anthony adawawerengera mawu a m'malamulo aja, ndipo atakambirana kwa nthawi, anyamatawo adagonja. Pa 5 Novembala, tsiku losankha pulezidenti, Mayi Anthony ndi amayi ena 14 adaponya voti.

Patapita masabata awiri kudabwera munthu wa boma kudzawamanga. Podikira tsiku la mlandu iwo sadakhale chete. Adayendera midzi ya m'boma lonselo kufunsa anthu ngati ndi mlandu kuti nzika iponye voti. Oimira boma ataona kuti anthu ambiri ayamba kuwamvera, adasamutsira mlanduwo ku Canandaigua. Mayi Anthony adapita kukayankhulanso komweko.

Mlandu udazengedwa mu Juni 1873. Ku America anthu wamba khumi ndi awiri amakhala m'bwalo, namvetsera umboni, ndipo ndiwo amagamula ngati woimbidwa mlandu ndi wolakwa. Pa mlanduwu onsewo adali amuna. Woweruza, a Ward Hunt, sadalole kuti Mayi Anthony apereke umboni wawo. Sadawapatsenso mpata amuna khumi ndi awiri aja kuti akambirane, koma adangowalamula kuti anene kuti mayiwo ndi olakwa. Kenaka adagamula chindapusa cha madola 100.

Mayi Anthony adaimirira nauza bwalo kuti malamulo amene akuwaweruzira adapangidwa ndi amuna okhaokha, ndi kuti sadzalipira ngakhale dola imodzi. Woweruza adachenjera. Sadawatsekere m'ndende, poti kuwatsekera kukadawapatsa njira yotengera nkhaniyo kubwalo lalikulu la dziko lonse. Ndalama zija sadalipire mpaka imfa yawo.

M'chaka cha 1878 nyumba ya malamulo ya ku Washington idalandira pempho loti pasakhale woletsedwa kuvota chifukwa choti ndi mkazi. Aphungu sadalivomereze. Mayi Anthony ankabwereranso chaka ndi chaka, mpaka tsitsi lidachita imvi. Adamwalira ku Rochester pa 13 Malichi 1906 ali ndi zaka 86. Pa nthawiyo zigawo zinayi zokha, Wyoming, Colorado, Utah ndi Idaho, ndizo zidali zitalola amayi kusankha nawo pulezidenti.

Anzawo adapitiriza ntchitoyo, ndipo mu Ogasiti 1920 pempho lija lidasanduka lamulo. Mu Novembala chaka chomwecho amayi mamiliyoni ambiri adaponya voti. Komabe amayi ndi abambo akuda a kumwera kwa dzikolo adapitirira kutsekerezedwa ndi malamulo achinyengo kufikira chaka cha 1965.

M'chaka cha 1979 boma lomwe lija lidawalipiritsa madola 100 lidaika nkhope yawo pa ndalama yachitsulo ya dola imodzi. Manda awo ali ku Rochester, ndipo pa masiku a chisankho amayi ambiri akaponya voti amapita kukaima pamenepo, ena atagwira ana awo aakazi padzanja.