Monica Woyera, mayi amene anatsegulanso chitseko

Tikamakumbukira Monica Woyera wa ku Thagaste, m'dziko lomwe lero ndi Algeria, timakonda kukamba za misozi yake, n'kuiwala kuti poyamba anamukaniza mwana wake Augustine kulowa m'nyumba atatsata chiphunzitso chonyenga cha Mani. Ngakhale kudya naye pamodzi sankafuna. Komabe anamulandiranso mwanayo asanasinthe n'komwe, chinthu chimene ambirife chimatikanika.

Augustine sanayamike. M'chaka cha 383 anamunamiza mayiyo padoko la Carthage, nazemba usiku pachombo kunka ku Roma, kumusiya akupemphera. Monica anawolokabe nyanja kumulondola mpaka ku Milan. Kumeneko Bishopu Ambrose anabatiza Augustine pa Pasaka wa 387, ndipo chaka chomwecho Monica anamwalira ku Ostia, paulendo wobwerera kwawo, mwana wake uja ali pambali pake.