Godfrey Chitalu, Mwini Zigoli 107

Anzanga amene timakangana madzulo m'chipinda chogonamo za Messi ndi Ronaldo, lero ndifuna kukuuzani za munthu wa dziko loyandikana nafe, lija timalowamo tikatsata msewu wodzera pa Namitete kunka ku Mchinji.

Godfrey Chitalu anabadwa pa 22 October 1947 ku Luanshya, mudzi wa migodi m'dziko la Zambia, limene masiku amenewo linkatchedwa Northern Rhodesia. Ali mnyamata anayesako nkhonya, koma mtima wake unali pa mpira wa miyendo. Anayamba kutchuka ku Kitwe United, ndipo m'chaka cha 1968 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dzikomo. Ulemu umenewu anaulandira kasanu. Pambuyo pake anapita ku Kabwe Warriors. Woulutsa mpira pa wayilesi, Dennis Liwewe, amene kwawo kunali kuno ku Malawi, anam'patsa dzina loti Ucar, dzina la mabatire osatha msanga.

Chaka chake chachikulu chinali 1972. Anagoletsa zigoli 107, ndipo zina 7 anazimwetsa tsiku limodzi timu ya Majantja ya ku Lesotho. Taganizani, anzanga, ife kuno munthu akagoletsa ziwiri timam'nyamula pamapewa mpaka kukhitchini! Chaka chomwecho Gerd Müller wa ku Germany anagoletsa 85, dziko lonse ndi kumutama, koma za Chitalu anazimva ndi anansi okha. Pamene Lionel Messi anagoletsa 91 mu 2012, anthu a ku Zambia anadandaula. A FIFA anayankha kuti iwo sasunga chiwerengero cha zigoli za m'maligi a mayiko, choncho sangatsimikize. Kwa ine yankho limeneli silikoma konse, pakuti anthu amene anaona zigolizo ndi maso anali akali moyo.

Timu ya dziko lake anaigoletsera zigoli 79, ndipo palibe wina wa ku Zambia amene wafikapo. Chimodzi anagoletsa pa masewera a Olympic mu 1980 polimbana ndi Soviet Union.

Atakula anakhala mphunzitsi wa timu ya dzikolo. Usiku wa pa 27 April 1993 ndege imene anakwera ndi anyamata ake popita ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 anafa. Chitalu anali ndi zaka 45, ndipo anaikidwa pamodzi ndi anzakewo pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka.