Abebe Bikila nsapato anali nazo

Mwezi wathawu ife a kakilabu kathu kothamanga kuno ku Makwasa tinapita kwa mkulu wina, dzina ndisunga, kukapempha thandizo. Kunali mpikisano wa pamsewu umene anyamata ndi atsikana athu amafuna kukalowa nawo, koma okhala ndi nsapato anali owerengeka. Ambiri mwa iwo ndi aja amalawirira kuthamanga m'tinjira ta m'minda ya tiyi asanakasenze dengu. Bwanayo anatilandira bwino, tiyi tinamwa ndithu, kenaka anatikumbutsa mosekaseka kuti Abebe Bikila anapambana ku Rome wopanda nsapato. Tinabwerako chimanjamanja.

Nkhani imeneyi ndaimva kambirimbiri, ndipo oikamba amaidulira pakati. Ndiloleni awerengi ndiikambe yonse.

Abebe anabadwa pa 7 August 1932 m'mudzi wa Jato m'chigawo cha Shewa ku Ethiopia. Bambo ake anali oweta nkhosa. Ali ndi zaka pafupifupi 20 anapita ku Addis Ababa nakalowa gulu la asilikali olondera Mfumu Haile Selassie. Apa ndiye pagona nkhani. Kumeneko anapeza chakudya, pogona, malipiro, anzake othamanga nawo, komanso mphunzitsi, Onni Niskanen wochokera ku Sweden, amene boma linamulemba ntchito. Nanga si kilabu imeneyo?

Mu 1956 Abebe anakhala wachiwiri pa mpikisano wa asilikali, kumbuyo kwa Wami Biratu. Panapita zaka zina zinayi akusulidwa. Mu 1960, asananyamuke kupita ku Rome, anali atathamanga kale makilomita 42 m'maola awiri, mphindi 21 ndi masekondi 23, ku Addis Ababa komweko, malo okwera kuposa kwathu kuno, kumene mlendo amapuma wefuwefu akangoyenda pang'ono. Niskanen amadziwa chimene wanyamula.

Za nsapatozo zinali motere. Ku Rome anapeza zatsopano koma sizinamukhale bwino, zinamutulutsa matuza, ndiye anaganiza zozisiya. Kunali kusankha kumeneko abale, osati kusowa.

Mpikisano unachitika pa 10 September 1960. Anauyamba madzulo pothawa kutentha ndipo unatha kunja kutada, asilikali atanyamula miyuni m'mbali mwa msewu wakalekale wa Via Appia. Kutsogolo anatsalako awiri, iye ndi Rhadi Ben Abdesselam wa ku Morocco. Chakumapeto, cha pachipilala cha mwala cha ku Axum, chimene a Italy anazula ku Ethiopia mu 1937 atalanda dzikolo, Abebe anawonjezera moto namusiya mnzakeyo. Anamaliza m'maola awiri, mphindi 15 ndi masekondi 16, nthawi imene palibe anali ataifikapo padziko lonse, nakhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupata mendulo ya golide pa Olympics. Kuno nthawi imeneyo tinali tikadali Nyasaland, Dr Banda atangotuluka kumene m'ndende ya Gwelo mu April.

Miyezi itatu yokha itadutsa, akuluakulu a gulu lake lomwelo anayesa kulanda boma. Abebe sanali nawo, komabe anamutsekera pang'ono n'kumumasula.

Tsono gawo limene bwana uja sanalikambe ndi ili. Mu September 1964 Abebe anachitidwa opareshoni ya m'mimba. Masabata asanu okha atadutsa, pa 21 October, anaima pamzere ku Tokyo, nsapato zili kuphazi. Anamaliza m'maola awiri, mphindi 12 ndi masekondi 11, kudula mphindi zitatu panthawi yake ya ku Rome. Wachiwiri, Basil Heatley wa ku Britain, anatulukira patapita mphindi zinayi, mwini wake atayamba kale kudziwongola pakapinga ngati sanathamange n'komwe. Palibe anali atapambanapo makilomita 42 a Olympics kawiri iye asanatero. Amene anamutengera kuchipatala, kumusamala mpaka kuchira, ndi kumukweza ndege, anali ndani? Si mapazi akewo ayi.

Zotsatira zake ndi zachisoni. Ku Mexico mu 1968 anasiyira panjira mwendo utavulala, ndipo anapambana ndi mnzake wothamanga naye, Mamo Wolde. Onani, golide anabwererabe ku Ethiopia chifukwa kumbuyo kwa Abebe kunali wina wokonzeka. Mu March 1969 anachita ngozi pa galimoto yake ya Volkswagen ndipo sanayendenso. Anakhala miyezi isanu ndi itatu pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England. Munthu wina akanangokhala n'kumadandaula, koma iye mu 1970 anali akupikisana pa masewera a olumala, kuponya mivi ali panjinga yake.

Mu 1972 anamuitana ku Munich ngati mlendo wolemekezeka, ndipo sitediyamu yonse inaimirira kumuwombera m'manja. Chaka chomwecho, ku Munich komweko, ndi pamene Malawi inalowa nawo Olympics koyamba. Kuchokera pamenepo mendulo sitinaione, ngakhale ya mkuwa. Abebe anamwalira pa 25 October 1973 ali ndi zaka 41, magazi atakhetsekera mu ubongo, ndipo anaikidwa mwaulemu wa boma ku Addis Ababa.

Mpikisano uja tinapitabe, thiransipoti tinachita kusonkherana. Mtsikana wathu mmodzi, amene m'zitunda za kuno samugwira ndi anyamata omwe, anathamanga wopanda nsapato monga mwa malangizo a bwana. Anauyamba mochedwa, phula litatentha kale. Anatsogola mpaka pakati, kenaka ndinamupeza atakhala m'mbali mwa msewu akuyang'ana kuphazi kwake, khungu litasendeka. Lolemba lake kumunda sanapite, ndipo tsiku limenelo anamudula.