W.B. Yeats, Mlakatuli wa Kachilumba

Anzanga, dzina la Yeats ndinakumana nalo mwangozi. Ndikutsegula Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ndinaona kuti mutu wa bukuli anautenga m'ndakatulo ya munthu wa ku Ireland. Ndinati ameneyu ndaninso?

William Butler Yeats anabadwira ku Dublin pa 13 Juni 1865. Nthawi imeneyo Ireland inkalamulidwa ndi Britain, atsamunda omwewo amene anadzabwera kuno ku Nyasaland. Kusukulu sanali katswiri ayi, sipelo inkamuzunguza mpaka kukula. Bambo ake anasiya zamalamulo n'kuyamba kujambula zithunzi, ndiye pakhomo ndalama zinkasowa, banja n'kumangosamukasamuka pakati pa Dublin ndi London.

Mtima wake unali ku Sligo, kwawo kwa amayi ake, m'mbali mwa nyanja yamchere. Mayiwo ankakonda nthano za asodzi, ndipo mwanayo anatengera. Atakula anayendayenda m'midzi kumvera nkhalamba zikusimba za mizimu, zina n'kuzilemba m'buku la The Celtic Twilight mu 1893.

Chimene chinandigwira ine ndi ichi. Pafupi ndi Sligo pali nyanja yaing'ono, Lough Gill, ndipo muli kachilumba kotchedwa Innisfree. Mu 1888, akuyenda mumsewu waphokoso ku London, Yeats anamva timadzi tikudontha pawindo la sitolo. Basi anakumbuka nyanja ya kwawo, n'kulemba The Lake Isle of Innisfree. Kachilumba chabe, koma lero alendo amachokera kutali kukakaona. Ife Namalenje timamuyang'ana tsiku lililonse tili ku Senga Bay, koma aphunzitsi akati lembani ndakatulo, timathamangira kulemba za Lilongwe, poopa kuti za usipa ndi mabwato anzathu atiseka.

Pachikondi zinamuvuta mkuluyu. Anafunsira Maud Gonne, mayi womenyera ufulu wa Ireland, kangapo konse, koma ankangokanidwa. Mu 1903 mayiyo anakwatiwa ndi John MacBride, amene Angerezi anadzamuwombera kutatha kuukira kwa mu 1916. Zonsezi zinalowa m'ndakatulo zake, zimene zinasiya kukoma ngati maloto n'kuyamba kuluma. Ija anatengako Achebe, The Second Coming, anailemba mu 1919, nkhondo yaikulu itangotha.

Mu 1904 anathandiza kutsegula nyumba ya zisudzo ya Abbey ku Dublin, ndipo mu 1923 analandira mphoto ya Nobel, munthu woyamba wa ku Ireland kuilandira. Koma pali chimodzi chimandisowetsa mtendere: munthu wokonda dziko lake chonchi sankatha kuyankhula Chiairishi. Zonse analemba m'Chingerezi.

Anamwalirira ku France pa 28 Januwale 1939. Nkhondo ina itayamba, maliro anakhalira komweko mpaka 1948, pamene sitima yapamadzi ya asilikali a Ireland inakawatenga, n'kukawaika ku Drumcliff, ku Sligo konkuja.