JUAN MANUEL FANGIO, NGWAZI YODZIWA POLEKERA

M'makomboni a mu Lusaka, monga ku Matero, ku Kanyama ndi ku Chawama, anyamata amapanga timagalimoto tawaya, namatiyendetsa pakati pa nyumba, pakamwa pali kulira ngati injini. M'mbali mwa miseu muli magalaja ang'onoang'ono, ena a pansi pa mtengo cabe, m'mene anyamata okulirapo amaphunzira umakanika, manja ali bii ndi mafuta. Nkhani iyi ndi ya mnyamata wotere, koma kwao kunali kutali, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic. Iye anakula nakhala ngwazi ya dziko lonse lapansi kasanu pa mpikisano wa liwiro la magalimoto, ndipo potsiriza anacita cinthu cimene ngwazi zambiri zimalephera: analeka yekha, nthawi ikali yabwino.

Ubwana wake

Juan Manuel Fangio anabadwa pa 24 June 1911 m'tauni yaing'ono ya Balcarce, m'dziko la Argentina, ku South America. Anthu a kumeneko amalima kwambiri mbatata ya kacewere. Atate wake, a Loreto Fangio, anacokera ku Italy, ndipo anali mmisiri womanga nyumba. M'banjamo munabadwa ana asanu ndi mmodzi, ndipo Juan anali wacinai.

Mnyamatayo anakonda mpira wa miyendo. Popeza miyendo yake inali yamatewe, anzake anampatsa dzina lakuti El Chueco, ndiko kunena wamatewe m'cinenero ca kwao. Dzinalo linamkakamira moyo wake wonse, ndipo iye sanakwiye nalo.

Ali ndi zaka 13 anasiya sukulu nayamba nchito m'galaja. Poyamba anali kusesa, kutsuka zitsulo ndi kupatsira masipanala. Pang'onopang'ono anaphunzira kumasula injini ndi kuimanganso, mpaka anafika pozindikira nthenda ya galimoto pakumva kulira kwake kokha. Atatsiriza nchito ya usilikali anatsegula galaja yakeyake ku Balcarce komweko.

Mipikisano ya m'fumbi

M'caka ca 1936 Fangio analowa mpikisano wake woyamba ndi galimoto yakale ya Ford. Masiku amenewo mipikisano yaikulu ya ku Argentina inali kucitika m'miseu ya fumbi ndi matope, kwa masiku ambiri, ndipo galimoto ikaonongeka m'chire, woyendetsa ndi mnzake ndiwo anali kuikonza. Mipikisano yofanana nayo imacitikanso m'Zambia, ndipo ndiyo inachukitsa Satwant Singh mu Africa.

Fangio analibe ndalama zogulira galimoto yabwino. Tsono anthu a ku Balcarce anasonkha ndalama, wina pang'ono, wina pang'ono, namgulira Chevrolet, pakuti mutu umodzi susenza denga. M'caka ca 1940 anapambana mpikisano wocoka ku Buenos Aires kufika ku Lima m'dziko la Peru ndi kubwerera, kupyola m'mapiri atali a Andes. Ulendowo unali wa makilomita oposa 9,000, ndiko kunena ngati kucoka ku Lusaka kupita ku Chipata ndi kubwerako kasanu ndi katatu. Anakhala ngwazi ya dziko lake m'caka cimeneco ndi m'caka ca 1941.

Koma masewera amenewa ali ndi mbola. M'caka ca 1948, pa mpikisano wina wautali, Fangio anali kuyendetsa usiku m'dziko la Peru ali wotopa. Galimoto inaphonya pokhota nigubuduzika, ndipo bwenzi lake Daniel Urrutia, amene anakhala pambali pake, anafa. Imeneyi inali imfa yoyamba imene inamlasa mtima, koma siinali yotsiriza.

Ku Europe

Fangio anayamba kupikisana ku Europe m'caka ca 1948, pa bwalo la Reims m'dziko la France, ali ndi zaka 37. Pa msinkhu umenewo oyendetsa ambiri amakhala alikuganiza zopumula. Magalimoto a kumeneko anali a mtundu wina: a mpando umodzi, opanda denga, othamanga makilomita oposa 250 pa ola limodzi m'malo oongoka. Woyendetsa analibe lamba womgwira pampando, ndipo thanki ya petulo inali kumbuyo kwa msana wake.

M'caka ca 1950 unayamba mpikisano wa dziko lonse wochedwa Formula One. Caka ciri conse oyendetsa amapikisana m'maiko angapo, ndipo wopeza mapointi ambiri ndiye ngwazi ya cakaco. Fangio anakhala waciwiri m'caka coyambaco, ndipo m'caka ca 1951 anakhala ngwazi, alikuyendetsa Alfa Romeo.

Caka cotsatira anaphunzira phunziro lowawa. Analonjeza kukapikisana ku Monza m'dziko la Italy, koma ndege inamsiya. Posafuna kuphwanya lonjezo, anayendetsa galimoto usiku wonse kucokera ku Paris, nafika patatsala kanthawi kocepa kuti mpikisano uyambe. Asanapite patali, tulo ndi kutopa zinamlakwitsa. Galimoto inatembenuzika nimtaya kunja, ndipo fupa la m'khosi linathyoka. Anakhala miyezi yambiri osayendetsa, ndipo khosi lake linatsala louma kufikira imfa yake. Pamenepo anaona kuti kuthamanga si kufika.

Atacira anabwerera ali wocenjera koposa kale. Sanali kuthamanga mopitirira pamene panalibe cifukwa, ndipo popeza anali makanika, anali kuisunga galimoto kuti ifike kumapeto. Anakhala ngwazi zaka zinai zotsatizana: 1954, 1955, 1956 ndi 1957, alikuyendetsa Maserati, Mercedes-Benz ndi Ferrari. Ulemu wa caka ca 1956 anaulandira ndi cithandizo ca mnzake. Pa mpikisano wotsiriza, ku Monza, galimoto yake inaonongeka. Mnyamata wa ku England, Peter Collins, amene naye anali ndi mwai wakukhala ngwazi, anaima natsika m'galimoto yake naipereka kwa Fangio, pakuti malamulo a nthawi ija anali kulola zotere. Fangio sanaiwale kukoma mtima kumeneku.

M'zaka zomwezo maliro sanali kutha. M'caka ca 1954 anafa Onofre Marimón, mnyamata wa kwao amene Fangio anali kumlangiza ngati mng'ono wake. M'caka ca 1955 anafa Alberto Ascari, amene anakhalapo ngwazi kawiri. Caka comweco, ku Le Mans m'dziko la France, galimoto ya mnzake Pierre Levegh inaulukira m'khamu la openyerera, ndipo anafa anthu oposa 80. Fangio anali pambuyo pake pafupi ndithu, napyola pakati pa ngoziyo osavulala.

Tsiku lalikulu

Pa 4 August 1957 panali mpikisano pa bwalo la Nürburgring m'dziko la Germany. Bwalolo linali la m'nkhalango ndi m'mapiri, lokhotakhota koposa, ndipo kulizungulira kamodzi kunali makilomita pafupifupi 23. Oyendetsa anayenera kulizungulira maulendo 22.

Fangio anayamba ndi petulo wocepa kuti galimoto yake ya Maserati ipepuke, poganiza kuti adzaima pakati pa mpikisano kuthira wina ndi kusintha matayala. Anatsogola bwino, koma ataima, amakanika anacedwa cifukwa nati ya gudumu inagwa nilowa pansi pa galimoto. Pobwerera m'mseu anapeza kuti Mike Hawthorn ndi Peter Collins, anyamata a Ferrari, amsiya ndi masekondi pafupifupi 50. Onse anayesa kuti zatha.

Tsono mkulu wa zaka 46 uja anayendetsa monga sanayendetsepo ndi kale lonse. M'malo amene masiku onse anali kucepetsa liwiro, anapita osacepetsa. Ulendo uli wonse anali kuzungulira msanga koposa woyamba, mpaka anatha makilomita 23 aja m'mphindi 9 ndi masekondi 17, mtunda umene munthu wapansi angauyende maola anai kapena asanu. Utatsala ulendo umodzi anawapeza anyamata aja nawapitirira onse awiri, napambana ndi masekondi osakwana anai. Tsiku limenelo anakhala ngwazi kacisanu.

Anthu anamnyamula pamapewa, ndipo Hawthorn ndi Collins anamyamika ndi nkhope zosekera. Koma Fangio mwini anaulula pambuyo pake kuti masiku awiri sanaone tulo, pokumbukira malo onse amene anapita pakamwa pa imfa. Anatsimikiza mumtima kuti sadzayendetsanso motero. Akulu amati ng'oma yolira bwino siicedwa kung'ambika, ndipo iye anamva kuti yake yalira kufika pamapeto. Uku kunali kupambana kwake kotsiriza mu Formula One.

Kuleka

M'mwezi wa February 1958 Fangio anapita ku Havana m'dziko la Cuba kukapikisana. Usiku wakuti mawa mpikisano, anyamata a gulu la Fidel Castro, amene anali kulimbana ndi boma la nthawi imeneyo, anamgwira m'hotela ndi mfuti napita naye kobisika. Colinga cao cinali kucititsa boma manyazi pamaso pa maiko. Anamsunga bwino, namtulutsa mpikisano utatha. Pa mpikisano umenewo galimoto ina inalowa m'khamu nipha anthu angapo.

Pa 6 July 1958 Fangio anafika ku Reims, pa bwalo lomwe lija limene anayambira zaka khumi zapitazo. Galimoto yake inali yocepa mphamvu poyerekeza ndi za Ferrari, ndipo inambvuta m'njira. Bwalo la Reims linali ndi miseu yaitali yoongoka imene inali kupatsa woyendetsa nthawi yakuganiza. Fangio anaganiza za atate ndi amai ake amene anali kukalamba ku Balcarce, ali ndi nkhawa tsiku liri lonse la mpikisano. Anaganiza za anzake amene anawaika m'manda. Anaona kuti ulemu wonse umene munthu angaufune anaulandira kale, ndi kuti cotsala cinali kuutaya kapena kutaya moyo. Mumpikisano womwewo Luigi Musso wa ku Italy, wa zaka 33, anaphonya pokhota alikuthamangitsa Hawthorn, ndipo anafa tsiku lomwelo.

Cakumapeto Hawthorn, amene anali kutsogola, anafika kumbuyo kwa Fangio, ndipo akadampitirira ndi kumsiya ndi ulendo wathunthu, cimene ciri camanyazi kwa ngwazi. Koma mnyamatayo anaponda mabuleki, nalola mkulu wake kuti atsirize osapitiriridwa. Fangio anakhala wacinai. Atatsika anauza makanika wake ndi mau ocepa kuti nchito yatha, ndipo sanabwererenso ku Formula One. Anali ndi zaka 47, atapambana mipikisano 24 mwa mipikisano 51 imene anathamanga.

Pasanathe mwezi, Peter Collins anafa ku Nürburgring ali ndi zaka 26. Hawthorn anakhala ngwazi ya caka ca 1958, nalekanso pomwepo cifukwa ca cisoni, koma m'mwezi wa January 1959 anafa pa ngozi ya pamseu wamba ku England. Mwa amuna atatu amene anaimirira pamodzi tsiku lalikulu lija ku Germany, wamkuluyo yekha ndiye anaona ukalamba.

Masiku ake otsiriza

Fangio anabwerera kwao nagwira nchito yogulitsa magalimoto. M'caka ca 1974 anamsankha kukhala mkulu wa kampani ya Mercedes-Benz ku Argentina. Anali kuyendera maiko monga mlendo wolemekezeka, ndipo oyendetsa acinyamata anali kudza kwa iye kudzafunsa nzeru. Onse anamdziwa ngati munthu wofatsa, wolankhula motsitsa, wosadzitama. M'caka ca 1986 ku Balcarce kunatsegulidwa nyumba yosungiramo magalimoto ake ndi zikho zake, kuti anthu amene anamsonkhera ndalama, pamodzi ndi adzukulu ao, azidzaona zimene zinabala m'cithandizo cao.

Anamwalira ku Buenos Aires pa 17 July 1995 ali ndi zaka 84, ndipo anamuika ku Balcarce. Pakati pa onyamula bokosi lake panali Stirling Moss ndi Jackie Stewart, akatswiri a ku Britain. Palibe amene anapitirira maulendo ake asanu a ungwazi kufikira caka ca 2003, pamene Michael Schumacher wa ku Germany anakhala ngwazi kacisanu ndi cimodzi.

Anthu ambiri amadziwa kuyamba, ndipo ena amadziwa kupambana; koma wopambana amabvutika kutsika pampando m'manja muli kuombedwa. Fangio anayamba ndi tsace ndi sipanala, naphunzira kumvetsera injini kuti adziwe pamene yatopa. Nthawi itakwana anadzimvetsera yekha momwemo, natsika m'galimoto ndi miyendo yake yamatewe, nakhala zaka zina 37 pakati pa anthu a kwao.

Mafunso

1. Kodi dzina lakuti El Chueco linadza bwanji?
2. Anthu a ku Balcarce anamthandiza bwanji Fangio?
3. Cinacititsa ngozi ya ku Monza m'caka ca 1952 n'ciani?
4. Fotokozani zimene Peter Collins ndi Mike Hawthorn anamcitira Fangio posonyeza ulemu.
5. Chulani zifukwa zitatu zimene Fangio analekera mpikisano.
6. Kodi mwambi wa ng'oma yolira bwino ukugwirizana bwanji ndi nkhani iyi?